Vuto si ulesi ayi, a Mkonzi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanu ndiyankhuleko za kudya bwino ndi kuchita masewera olimbitsa thupi, chifukwa malangizo omwe timamva kawirikawiri pankhaniyi ine sandigwira mtima. Aliyense amangoti limbani mtima, dziletseni, ngati munthu amene akulephera kusiya zotsekemera ndi waulesi basi. Nde munthu akayesa sabata ziwiri nkugwa amayamba kudzinyoza yekha, mapeto ake amangoti zimenezi nza anzathu, ife tinalengedwa chonchi.

Ine ndikuona ngati tikulimbana ndi chinthu cholakwika. Cha mu 1970 pa yunivesite ya Stanford ku America, a Walter Mischel ankachita kafukufuku ndi ana aang'ono, amamuikira mwana kachakudya kokoma patsogolo nkumuuza kuti akapirira osadya alandira zabwino zoposa pamenepo. Ambiri amaikamba nkhaniyi ngati umboni woti ena anabadwa olimba mtima, koma chomwe amasiya nchoti ana omwe amatha kudikira sikuti amangoti maso tong'o pa chakudyacho uku akukukuta mano ayi. Amayang'ana kumbali, ena kuphimba kumaso, ena kuyimba, ena kusewera ndi mapazi awo. Ndipo chakudyacho chikachotsedwa pamaso pawo ana amadikira nthawi yaitali kuposa chikakhala poonekera. Mu 2012 a Wilhelm Hofmann ndi anzawo anapezanso zofananako kwa akuluakulu pafupifupi 200 ku Germany, kuti anthu omwe amadziwika kuti ndi odziletsa sikuti tsiku lonse amakhalira kulimbana ndi zilakolako, iwowa amakumana ndi mayesero ochepa kuposa anzawo. Tingoti amadziwa kuzemba nkhondo isanayambe.

Nde ngati mabisiketi ali pa tebulo ndipo zakumwa zotsekemera zili mu fuliji, muwina lero, muwina mawa, koma tsiku lina mudzabwera otopa, mwakwiyitsidwa kuntchito, dzanja lidzapita lokha. Chophweka nkusagula kumene, kukana kamodzi pogula kusiyana nkumakana ka 20 mnyumba. Komanso osapita kogula zinthu muli ndi njala, mumatola zilizonse. Zipatso ndizo zikhale poonekera.

Za shugazi ambiri sitidziwa kuchuluka kwake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wowonjezera asamafike 10 peresenti ya mphamvu zomwe timapeza mu chakudya patsiku, kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, masipuni ang'onoang'ono 12. Koma kachitini kamodzi ka kola ka 330ml kali ndi magalamu pafupifupi 35, mukamwa tiwiri mwadutsa kale musanathire nkomwe shuga mu tiyi. Mchere akuti usafike magalamu 5 patsiku, masamba ndi zipatso zifike magalamu 400. Munthu atangosiya chakumwa chimodzi chomwe amamwa tsiku ndi tsiku wachita zambiri kuposa uja amadzilanga ndi dayeti yoopsa ya masiku asanu kenako nkubwezera zonse kumapeto a sabata.

China chomwe sichikambidwa ndi tulo. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Chicago mu 2004 anaonetsa kuti anyamata atagona maola 4 okha usiku uwiri, homoni ya ghrelin yomwe imadzutsa njala inakwera, ya leptin yomwe imauza thupi kuti lakhuta inatsika, ndipo amalakalaka kwambiri zotsekemera ndi zokhutitsa. Ndiye wina amagona 1 koloko usiku ali pa foni, kukacha nkumadabwa kuti mtima wanga ndi wofooka bwanji. Mtimawo ulibe mlandu, pitani mukagone.

Pa zolimbitsa thupi napo timalakwitsa poyamba ndi ukali, tsiku loyamba kuthamanga mpaka kuona mdima, mawa lake miyendo yakana, zathera pompo. WHO imati wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi zapakatikati monga kuyenda ndawala, kapena 75 mpaka 150 zamphamvu monga kuthamanga, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 zikumveka zambiri koma ndi 30 zokha masiku asanu, ndipo kuyambira 2020 malangizowa amati olo mphindi zochepa zimawerengedwa. Jimu siyokakamiza. Pang'onopang'ono ndi mtolo, yambani ndi mphindi 10 zomwe simungazikane olo mutatopa chotani.

Komanso kungonena kuti ndiyamba kuthamanga sikuthandiza, ndi lonjezo lopanda tsiku. A Peter Gollwitzer, katswiri wa zamaganizo, anaonetsa kuti anthu amakwanitsa kwambiri akaneneratu nthawi, malo ndi chochita, monga kuti ndikangotsuka mkamwa m'mawa ndivala nsapato nkutuluka, kapena mvula ikagwa ndichitira mnyumba. Nsapatozo muziike pakhomo usiku. Mukapeza mnzanu woyenda naye nde bwino kwambiri, manyazi omuimika munthu panja akukudikirani amadzutsa kuposa alamu.

Nanga zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti thupi lizolowere? Paja pamamveka zoti masiku 21, koma a Phillippa Lally ndi anzawo ku University College London atatsatira anthu 96, anapeza kuti pakatikati ndi masiku 66, ena 18 okha, ena mpaka 254, ndipo zolimbitsa thupi zimachedwerapo kusiyana ndi tizinthu tophweka ngati kumwa madzi pa chakudya. Chomwe chinandisangalatsa nchoti kuphonya tsiku limodzi sikunaononge kanthu. Chimapha ambiri ndi maganizo aja oti poti ndalakwa kale lero basi ndidyeretu zonse ndidzayambanso Lolemba, Lolembalo nkumangosuntha.

Sindikunena kuti zonse zili mmanja mwa munthu, ena amagwira ntchito mashifiti a usiku, ena thumba silawalola kusankha chakudya, ena ali pa mankhwala onenepetsa, amenewa kuwatcha aulesi nkuwalakwira. Ndipo amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima ayambe aonana ndi adokotala asanayambe zamphamvu.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti pa tsamba la zaumoyo muchepetseko zithunzi za anthu a minofu ngati osema ndi malonjezo ochepetsa thupi mmasabata awiri. Tipezereni akatswiri a zakudya atifotokozere mmene tingawerengere shuga ndi mchere pa zolembedwa pa mapaketi, timalemba timeneti ambiri timangotidumpha.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu