Musathamangire kukoka lole yakale ndi thirakitala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene ali ndi malole akale omwe akhala zaka ali chiimire pakhomo, makamaka a Bedford aja opangidwa ku England, amene adanyamula fodya ndi chimanga m'dziko muno kwa nthawi yaitali. Mwezi wathawu ndidaona bambo wina, atapeza kuti ndodo ya giya yakana kusuntha, akumangirira lole yake ku thirakitala n'kuikoka mwamphamvu, mpaka mano awiri a giya adathyoka. Zidandipweteka mtima, chifukwa zitsulo zimenezi sizipezeka wamba masiku ano.

Bedford ya malemu bambo anga idakhala pansi pa mtengo wa mango kwa zaka 6, ndipo makaniko wachikulire amene adandithandiza kuidzutsa adakana kugwira sipanala asanadziwe mtundu wa giyabokosi yake. Malole ambiri akale adasinthidwapo giyabokosi, kotero dzina lolembedwa kutsogolo silikuuzani chimene chili pansi. Tsukani m'mbali mwa bokosilo ndi palafini, werengani manambala odindidwa pachitsulo, muwajambule ndi foni, kenako muone ngati magiya ndi 4 kapena 5 komanso mbali imene kuli giya yobwerera m'mbuyo.

Nthawi zambiri vuto silikhala m'giyabokosi n'komwe. Ngati injini ili chete magiya onse akulowa bwino, koma mukailiza akungokukuta, n'kutheka kuti mbale ya kilatchi yamamatira ku fulayiwiro, chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini, chifukwa cha dzimbiri. Zikatero, zimitsani injini, wina aponde kilatchi, inu mutsegule kachivindikiro ka pansi pa kilatchi n'kulowetsa kachitsulo kopyapyala pakati pa mbaleyo ndi fulayiwiro mosamala.

Koma ndodo ikauma gwa, yambani mwatchinga matayala ndi miyala, kenako mukweze tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke kuti kulemera kwa lole kuleke kupanikiza mano a magiya, ndipo musalowe pansi musanachirikize ndi zipika zolimba. Chotsani ndodoyo muunike m'kati ndi tochi. Nsonga yake ikaperepeseka imadumpha pamalo pake, n'kusiya giya imodzi ili chilowere pamene inu mukulowetsa ina, ndipo magiya awiri akalowa nthawi imodzi palibe thirakitala imene ingawazungulitse popanda kuswa kanthu. Mankhwala ake ndi ophweka modabwitsa: kankhani timipata timene nsonga ya ndodo imalowamo ndi sikuludiraiva yaikulu mpaka tonse tilunjikane pamzere umodzi, ndipo bokosi libwerera pa nyutirolo.

Kwa ife mdani adali madzi. Mvula idalowera pamphira wong'ambika wa patsinde pa ndodo, ndipo titamasula bawuti ya pansi pa giyabokosi, madzi ndiwo adayamba kutuluka, popeza amakhala pansi pa oyilo, kenako padatsatira phala looneka ngati tiyi wamkaka. Timitanda timene mafoloko, zitsulo zokankha magiya, amayendapo tidali titachita dzimbiri. Potukula chivindikiro chapamwamba tidayala thumba pansi, chifukwa muli timipira tachitsulo ndi timasipuling'i timene tikagwera m'dothi simudzationanso. Tidathiramo dizilo mpaka kudzaza, ndipo m'mawa uliwonse ndinkagwedeza tayala lokwezedwa lija ndi manja, kutsogolo ndi kumbuyo. Nyundo yachitsulo sitidaigwire.

Dizilo ndi wotsukira chabe, musayendetse lole ali momwemo. Mukamukhetsa, thiranimo oyilo wa magiya wa nambala 90, ndipo ngati bokosi lanu lili ndi mphete zamkuwa zothandiza magiya kulowa mofewa, funsani oyilo wa mtundu wa GL-4, chifukwa mitundu ina ya GL-5 imadya mkuwa.

Tayala lathu lidazungulira pa tsiku la 9. Tidasintha mphira uja ndi foloko imodzi yokha, ndipo lero loleyo ikututa mchenga ndi njerwa.

Wowerenga wanu,
Kasungu