Chidziwitso kwa makolo: tikambirane za masewero a ana athu

Makolo anzathu nonse a m'bungwe la makolo ndi aphunzitsi,

Loweruka likubwerali tikumane pasukulu nthawi ya 9 koloko m'mawa. Nkhani yake ndi ya masewero olimbitsa thupi.

Taona kuti mayeso a PSLCE akayandikira, nthawi ya masewero ndiyo imayamba kudulidwa kuti ana a Sitandade 8 azikhala m'kalasi mpaka madzulo. Enafe timaombera m'manja, ati mpira n'kutaya nthawi. Komatu bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Mwana wothamanga mafupa ake amalimba, usiku amagona bwino, ndipo m'kalasi sasinza wambawamba. Amene amamanidwa kwambiri ndi atsikana: akangoweruka ulendo wa kumjigo, kenako kukaphika, anyamata ali pabwalo. Zimenezi n'zapakhomo pathu, aphunzitsi sangatikonzere.

Tikagwirizane za chopereka chogulira mipira ndi zingwe zodumpha. Tikatha msonkhano tidzalambula bwalo la mpira wamanja lomwe lamera thengo, choncho bwerani ndi makasu komanso zikwanje.

Ndife,
Komiti ya makolo ndi aphunzitsi