Kwa makasitomala athu: makompyuta a gemu ya mabomba akupuma

Okondedwa makasitomala athu, ana ndi makolo omwe,

Moni nonse. Tati nkhaniyi muimve kwa ife eni ake isanakupezeni m'njira. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, tichotsa makompyuta atatu mwa anayi akale aja a pakona, amene mumasewererapo gemu ya mabomba ija ya Bomberman, yomwe pano tili nayo monga Dyna Blaster ndi Atomic Bomberman. Gemuyo sikuchoka ayi, koma kaseweredwe kake kasintha.

Makinawa atopa. Ndi a nthawi ya Windows 98, ndipo sabata yatha titatsegula imodzi tinapeza timigolo ta pabolodi, tomwe amisiri amati ma capacitor, tatupa pamwamba, kena katatulutsa zadzimbiri. Ndicho chifukwa chake inkangozima mpikisano uli mkati. Magetsi akathima n'kubwera mwadzidzidzi, mtima umakhala uli m'mwamba kuti kaya iyakanso. Zipangizo zake sizikupezeka, ndipo masikirini a chimutu aja amadya mayunitsi kwambiri.

Koma chimene chatikakamiza kwenikweni ndi kiyibodi. Inu amene mumapanikizana awiri pa kiyibodi imodzi mukudziwa: mwatchera bomba, mukufuna kuthawira pakona, mwadina batani koma kamunthu kanu kangoti njo, moto n'kukapsereza. Kenako mkangano, wina akuti mnzake wamugunda chigongono. Sikuti wina amabera. Makiyibodi wamba satha kumva mabatani ambiri akadinidwa nthawi imodzi, ena amangotayika. Tsiku lina tinaona kamnyamata ka yunifolomu katangotsala pang'ono kupambana koyamba, kakufa ndi bomba lake lomwe chifukwa cha vutoli. Kanatuluka misozi ili chuchuchu, ndipo ifenso zinatikhudza.

Ndiye takonza chonchi. Dyna Blaster muzisewera pa kompyuta yatsopano kudzera mu DOSBox, pulogalamu imene imachititsa gemu ya DOS (pulogalamu yakale yoyendetsera kompyuta) kuona ngati ili pa makina a nthawi yake. Taiyesa kwa masiku angapo, tikuchepetsa ndi kuwonjezera liwiro lake mpaka bomba likuphulika pa nthawi imene zala zanu zinazolowera. Tawonjezeranso Mr. Boom, gemu yaulere ya mtundu womwewu imene imalola anthu 8 nthawi imodzi. Imeneyi izikhala pa sikirini yaikulu, aliyense ndi padi yake ya USB (kachipangizo ka mabatani kosewerera gemu) m'manja.

Chimene chikutipweteka ndi Atomic Bomberman. Gemu imeneyi, imene kampani ya Interplay inatulutsa mu 1997, imalola anthu 10, ndipo ife tinkalumikiza makompyuta onse anayi ndi mawaya kuti Loweruka muzidzazana m'bwalo limodzi. Zimenezo zatha, sitikubisirani. Tayesa kuisamutsa koma sikuyenda mmene tikufunira, ndipo sitingakulipiritseni chinthu chodukizaduka. Kompyuta imodzi yolimbako tiisiya pomwepo ndi sikirini yake, ndipo iziyatsidwa Loweruka lokha, kuti okonda kumenya bomba theche ndi kulijowetsa khoma asasowe pogwira.

Ena atifunsa chifukwa chimene tikuvutikira ndi gemu yakale chonchi pomwe ambiri akufuna ya mpira. Gemuyi ndi nkhalamba ndithu. Hudson Soft ya ku Japan inaitulutsa mu 1983 pa makompyuta a m'nyumba monga MSX, ndipo ku Ulaya inayamba kudziwika ndi dzina loti Eric and the Floaters isanatchedwe Dyna Blaster. Kampaniyo inamezedwa ndi kampani ina ya magemu, Konami, mu 2012. Koma ife pano sitinaone gemu ina imene mwana wa sitandade 3 amaimvetsa pa mphindi imodzi n'kugonjetsa amalume ake. Malamulo ndi ochepa: phwanya njerwa, tola zowonjezera moto ndi mabomba, pewa chigaza chifukwa chimabweretsa matenda, usadzitsekere wekha. Zina zonse ndi nzeru zako ndi kuwerenga maganizo a mnzako amene wakhala naye phewa ndi phewa. N'chifukwa chake sitikuilola kuti ifere limodzi ndi makinawo.

Mtengo pa ola sukusintha. Amene munalipiriratu maola, tili nawo m'kabuku kathu ndipo mudzawagwiritsa ntchito pa makina atsopano. Mapepala a akatswiri aja tiwasiya pakhoma momwe alili. Tikupemphani chinthu chimodzi chokha: mapadi muziwagwira mosamala, osakoka chingwe mukapsa mtima, chifukwa tagula okwanira basi.

Loweruka lomaliza la mwezi uno tidzayatsa onse anayi komaliza, kuyambira 2 koloko masana mpaka potseka, ndipo sitidzalipiritsa. Ngati imodzi idzazime pakati, mudzatipirire, tidzaiyatsanso. Makolo, bwerani nawo ana, ndipo mudzagwireko padi nanunso.

Ndife anu,
Eni malo ndi ogwira ntchito onse