Lipoti la msonkhano wa ku Durban: sitima, malole ndi utsi wa padoko pa nthawi ya m'bindikiro

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse mamembala a gulu lathu la madalaivala a malole ndi maejenti a katundu,

Munandituma ku Durban kuti ndikamve zokambirana za momwe m'bindikiro wa Covid-19 unakhudzira kayendedwe ka sitima zapamadzi komanso mpweya womwe anthu a m'mizinda ya madoko amapuma. Ndayenda bwino. Ena munafunsa pa WhatsApp kuti nkhani ya utsi wa sitima ikutikhudza pati ife a dziko lopanda doko. Ikutikhudza ndithu, chifukwa amene amagona m'lole pa Bayhead Road, msewu wolowera padoko la Durban, kudikira kontena ndi ife tomwe.

Kunabwera akuluakulu a zamadoko, a makampani a sitima, ofufuza a m'mayunivesite, ndi nthumwi za anthu okhala moyandikana ndi doko. Madalaivala tinali owerengeka, ndipo pa mndandanda wa oyankhula panalibe dalaivala ndi mmodzi yemwe.

Anayamba ndi zithunzi za satelayiti ya Sentinel-5P za chaka cha 2020, zoonetsa mpweya woipa wa nitrogen dioxide utachepa pamwamba pa mizinda ya ku China ndi kumpoto kwa Italy. Ku South Africa m'bindikiro unayamba pa 27 March 2020, ndipo misewu inangoti zii. Anthu ambiri anaganiza kuti nazonso sitima zaima. Ofufuza aja anati ayi. Mpweya unayera makamaka chifukwa magalimoto, ndege ndi mafakitale ena zinaima. Sitima za katundu zinkayendabe. Bungwe la UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda, linapeza kuti malonda a panyanja anatsika ndi 3.8 peresenti yokha mu 2020. Zomwe zinaimiratu ndi sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okaona malo, n'chifukwa chake kusintha kunaoneka kwambiri m'mizinda ngati Venice.

Panalinso china chosokoneza mawerengero. Pa 1 January 2020, mliri usanafalikire, lamulo la bungwe la IMO, loyang'anira za maulendo a panyanja padziko lonse, linayamba kugwira ntchito lotsitsa sulufule wa m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5 peresenti. Ndiye ukaona kuti utsi wa sulufule unachepa chaka chimenecho, osathamangira kuyamika m'bindikiro. Lamulolo linali litayamba kale ntchito yake.

Gawo lomwe linandigwira mtima ndi la zomwe zinatsatira. Anthu a ku America ndi ku Ulaya atakhala m'nyumba, ndalama zomwe akanadyera kumaulendo anayamba kugulira katundu pa intaneti. Katundu anachuluka, ogwira ntchito padoko akudwala, makontena opanda kanthu ali mbali ina ya dziko pomwe akufunika mbali ina. Ku Los Angeles ndi Long Beach, mu January 2022, sitima zodikira kulowa padoko zinafika 109. Sitima ikaponya nangula siithima ayi. Injini yaikulu imaima, koma majenereta amalirabe usana ndi usiku kuti magetsi ayake, mapampu agwire ntchito, ndiponso makontena a firiji asatenthe. Utsi wonsewo umapita kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja. Mu November 2021 akuluakulu a kumeneko anayambitsa dongosolo loti sitima zizidikirira kutali, pafupifupi makilomita 240 kuchokera kumtunda. M'holomo anthu anawomba m'manja. Ine ndinaona ngati kusesa zinyalala n'kukazisiya kuseri kwa nyumba, ngakhale n'zoona kuti ana a m'makomo a pafupi ndi doko anapumako.

Za ku China anangodutsamo: doko la Yantian linatsekedwa mbali ina mu May ndi June 2021, mbali ina ya Ningbo mu August 2021 wogwira ntchito mmodzi atapezeka ndi kachilombo, kenako m'bindikiro wa Shanghai mu April ndi May 2022. Pakati pa zonsezi sitima ya Ever Given inatsekanso ngalande ya Suez kwa masiku 6 mu March 2021. Mtengo wotumizira kontena ya mafiti 40, womwe mliri usanabwere sunkafika madola 2,000, unapitirira madola 10,000 mu September 2021. Maejenti inu mukukumbukira momwe makasitomala ankakukalipirani ngati mitengoyo mwakweza ndinu. Kwathu m'bindikiro wa masiku 21 unaletsedwa ndi Khoti Lalikulu mu April 2020, komabe kuchedwa kwa katundu ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban kunatipeza m'mashopu a ku Limbe.

Tsopano za Durban penipeni, pomwe zokambirana zinatentha. Kum'mwera kwa mzindawu kuli madera a Wentworth, Merebank, Clairwood ndi Bluff, omwe anapanikizika pakati pa doko, mafakitale ndi malo oyengera mafuta. Anthu a kumeneko akhala akudandaula za mphumu pakati pa ana kwa zaka zambiri, ndipo bungwe lawo la South Durban Community Environmental Alliance ndi lodziwika. A Desmond D'Sa a m'bungweli analandira mphoto ya Goldman, yoperekedwa kwa oteteza chilengedwe, mu 2014. Kumenekonso n'kovuta kulekanitsa za mliri ndi zina. Fakitale yoyenga mafuta ya Engen inapsa pa 4 December 2020 ndipo sinayambirenso kuyenga, pomwe ya SAPREF inaimitsa ntchito mu 2022. Koma amayi ena ochokera ku Clairwood sanalankhule za mafakitale kapena sitima. Analankhula za ife. Anafotokoza za malole oimikidwa pakhomo pawo penipeni usiku wonse injini zikulira, fumbi lakuda pamawindo, zovala zoyanika pachingwe zomwe amazichotsa zikununkha dizilo. Ankayankhula maso ali kumbali yomwe tinakhala madalaivala.

Ndinapempha mwayi woyankha, ndipo ndinayankha m'dzina lanu. Ndinati dandaulo lawo ndi loona, koma dalaivala saliza injini chifukwa chokonda. Mzere umasuntha pang'onopang'ono, mamita ochepa kenako kuima, ndipo ukathimitsa n'kuchedwa kunyamuka mnzako amakulowerera. Mabuleki amafuna mphepo. Wonyamula kontena ya firiji sangazimitse makina ozizitsa. Wina batire yake ndi yofooka, akuopa kuti akathimitsa galimoto silirira. Ndinawakumbutsanso kuti utsi wa lole ya kutsogolo umafika pawindo la mnzake wa kumbuyo, choncho woyamba kumeza utsiwo ndi dalaivala. Holo inakhala chete pang'ono, kenako mmodzi wa ofufuza anavomereza kuti makina oyezera mpweya amaikidwa m'madera okhala anthu, osati mkati mwa lole.

Mfundo yomwe ndabwera nayo ndi iyi: chimene chimadetsa mpweya padoko si kuchuluka kwa katundu kokha, koma kudikira. Sitima yodikira, lole yodikira, sitima ina kumbuyo kwake. Tinaziona mu July 2021 makompyuta a Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko a ku South Africa, atasokonezedwa ndi akuba a pa intaneti, ntchito padoko n'kuima, komanso pa Beitbridge mu December 2020 pomwe mizere inatalika chifukwa cha ziphaso za Covid. Anzathu a m'sitima anadikira koposa ife: cha mu September 2020 pafupifupi 400,000 anali atatsekeredwa panyanja makontirakiti awo atatha kale.

Njira zomwe zinatchulidwa sizinandikhutiritse mofanana. Yolumikiza sitima ku magetsi a kumtunda kuti izimitse majenereta ikugwira ntchito ku California, koma kuno kumene magetsi ake timawadziwa, ndikuona kuti ili kutali. Ya njanji anaikamba kwambiri, ndipo tisanamizane, katundu akachuluka pa njanji ya Nacala ena mwa ife maulendo atichepera. Komiti iyenera kuikambirana nkhaniyi poyera. Yomwe ingatithandize msanga ndi yosungitsiratu nthawi yolowera padoko, yomwe ku Durban ilipo kale, koma ikhale ndi malo odikirira malole kutali ndi nyumba za anthu, okhala ndi madzi, zimbudzi ndi chitetezo, kuti munthu athe kuthimitsa injini n'kugona.

Ndikupempha komiti kuti pamsonkhano wathu wotsatira tigwirizane zolembera kalata oyang'anira madoko omwe timagwiritsa ntchito, yopempha malo odikirira oterewa, ndiponso tiuze mabwana a malole kuti asamatumize galimoto padoko nthawi yake isanakwane. Amayi a ku Clairwood aja anati ali okonzeka kusayinira limodzi nafe kalata ya ku Durban ngati mungavomere. Malisiti a ulendo ndapereka kwa a Msungichuma.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu