Kwa mwana wanga, za foni ya mdzukulu uja

Mwana wanga,

Tsiku lija pafoni unali utapsa mtima moti chilichonse chimene ndikananena chikanangopita ndi mphepo, n'chifukwa chake ndasankha kukulembera. Wati unapeza kuti mtsikana wako ali ndi akaunti ina ya Instagram imene iwe sunkaidziwa, analembapo kuti ali ndi zaka 19 pomwe ali ndi 14, ndipo usiku amacheza ndi munthu amene sanaonanepo naye maso ndi maso. Unandifunsa kuti, "Amayi, mwana ameneyu bodzali walitenga kuti?"

Ndinadzigwira kuti ndisakuyankhe pomwepo. Kodi si iwe unamutsegulira Facebook ali ndi zaka 11? Iye anali pambali pako, chibwano chili paphewa lako, akuona ukulemba chaka chobadwa chonama. Makampani amenewa amati mwana ayambe ali ndi zaka 13, kutsatira lamulo la ku America la 1998 loteteza zinsinsi za ana, koma nthawi zambiri pakhomopo sipakhala mlonda. Umangolemba chaka chimene wafuna, chitseko n'kutseguka. Phunziro loyamba limene mwanayo analandira pa intaneti ndi lakuti bodza limagwira ntchito ndipo palibe amene amafunsa. Sindikukudzudzula, makolo ambiri anachita zomwezo.

Za msinkhu wakewu, mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa mphumi, imene imatiuza kuti "taima kaye, ganiza", imakhwima mochedwa, mpaka munthu atafika cha m'ma zaka 25. Mbali yokonda chisangalalo ndi kuyamikiridwa imadzuka msanga, mwana akangotha msinkhu. Mu 2005 akatswiri awiri a ku America, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg, anapatsa anthu masewera oyendetsa galimoto pakompyuta, oti nyali yachikasu ikayaka usankhe kuima kapena kupitirira. Achinyamata ankachita zakupsa kwambiri anzawo akamaonerera, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni. Zimenezi zinandikumbutsa iwe. Uli wekha unali mwana womva, koma anzako aja akangofika, makutu ankatsekeka.

Tsono taganiza. Iwe anzako ankabalalika kukada, umalowa m'nyumba n'kukhalanso mwana wanga. Mdzukuluyu anzake sabalalika. Amalowa nawo m'bulangete, ali m'manja mwake, akuwerenga amene wayamikiridwa kwambiri pachithunzi ndi amene sanayamikiridwe. Mwana wotere akhoza kudziwa bwino lomwe kuti chimene akuchita n'choopsa, n'kuchichitabe, chifukwa kusekedwa ndi anzake mawa m'mawa kumamuopsa kuposa tsoka limene sanalionepo.

Pali chinanso. Munthu ukamanama ukuyang'ana nkhope ya mnzako, mawu amanjenjemera. Pafoni nkhope palibe. Katswiri wina, John Suler, analemba za zimenezi mu 2004, kuti pa intaneti anthu amataya manyazi chifukwa saoneka ndipo saona kupweteka kwa amene akumulembera. Ngakhale ife akuluakulu zimatichitikira, taona zimene anthu aimvi amalemberana pa WhatsApp. Ana amakhulupiriranso kuti uthenga wa pa Snapchat ukazimiririka ndiye kuti watha, osadziwa kuti wolandirayo akhoza kuujambula ndi foni ina.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi munthu wausikuyo. Anthu oterewa sathamanga. Amayamba ndi kuyamikira, amamvetsera madandaulo onse, amati "makolo ako sakukumvetsa, ine ndekha ndimakumvetsa." Pakapita masabata amapempha chithunzi chimodzi. Akachilandira, mawu amasintha: tumiza china, kapena ndalama, apo ayi ndichitumiza kwa mayi ako ndi kusukulu konse. Anyamata nawonso amagwa mumsampha womwewu, kawirikawiri atanyengedwa ndi wina wodzitcha mtsikana. Chida chachikulu cha munthu wotere ndi mantha amene mwana ali nawo pa iwe. Ukamukalipira mpaka kunjenjemera lero, tsiku limene adzaopsezedwe adzasankha kumvera chigawengacho kusiyana ndi kugogoda pachitseko chako.

Wati foni wamulanda. Chabwino, ikhale kwa iwe masiku angapo mtima wako uzizire, koma usadzinamize kuti nkhani yatha, anzake ali ndi mafoni. Ku Australia boma linaletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti otere kuyambira mu December 2025, koma lamulo silingakhale naye pansi n'kumufunsa chimene chikumudya mumtima.

Khala naye pansi nokha awiri, abale ake kulibe. Yamba ndi kuvomera za chaka chonama chija, udzaona nkhope yake ikumasuka. Mufunse kuti munthuyo anamupempha chiyani, ndipo yankho likakhala lowawa, meza malovu, usakuwe. Ngati pali chithunzi chimene chinapita, musalipire kalikonse ndipo musafufute mauthenga. Ajambuleni onse, mutsekereni munthuyo, kenako mukanene kupolisi. Mugwirizanenso kuti usiku mafoni azigona pabalaza, yakonso yomwe, chifukwa ndimakuona uli pa intaneti 1 koloko usiku.

Loweruka ndimuimbira pafoni yako. Usamuuze kuti ndikudziwa, ndikufuna ndione ngati andiuze yekha.

Ndine mayi ako.