Inu ogulitsa gasi pa Dedza boma, silinda yanga ndi K49,660 ndikuzifuna

Ndalemba pano poyera chifukwa foni yanu simuyankha, ku inbox mumangowerenga nkukhala chete. Mwina anthu akaona ndiye muyankha.

Sabata yatha ija, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, ndinabwera pa kabaza kuchokera ku Bembeke ndi silinda yanga ya 9kg kudzafilitsa gasi. Mnyamata wanu anati makina avuta, ingosinthani mutenge yodzaza kale. Ndinalipira K33,660, lisiti ilipo. Silinda yangayo inali yatsopano, ndinagula ndi ndalama za banki mkhonde, koma imene munandipatsa pansi ponse dzimbiri, m'mbali yopindika. Nditadandaula akuti "mayi gasi ndi gasi, simuphikira penti." Pa sikelo sanaike nkomwe kuti ndione.

Madzulo ndalumikiza reguleta, mukudziwa mmene kumazizirira ku Bembeke, zitseko ndi mawindo zonse tinatseka, kenako mwana akuti amayi muno mukununkha mazira owola. Ndinapaka madzi a sopo pa valavu, thovu kuchita kufufuma. Anzanga amene mwangoyamba kumene gasi, fungo limenelo amaikamo dala kuti muzidziwa akamatuluka, ndipo gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kudenga ayi amakhala pansi, pamene ana anga amayala mphasa. Tinaitulutsa panja, kutsegula mawindo onse usiku wozizira ngati umenewo, osayatsa machesi, osakhudza ngakhale switchi. Akanakhala kuti wina wayatsa kandulo bwenzi pano mukulemba RIP mumakomentimu.

Mmawa ndinakaiika pa sikelo ya ogula mbatata ya kachewere pamsika. Silinda iliyonse imakhala yolembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, ndiye titachotsera nambala imeneyo gasi sanafike ndi 8kg yomwe. Mudzati anatuluka usiku, chabwino, nanga anatulukira pa valavu ya ndani?

Koma chimene chandipweteka kwambiri si chimenecho. Ndinakweranso kabaza, K4,000 kupita K4,000 kubwera, munthu wa njinga akuchita kudandaula fungo njira yonse, ndafika ndapeza mtsikana wa pa kauntala ali pa TikTok. Moni wanga sanayankhe. Ndafotokoza zonse mwaulemu, iye maso ali pa foni, akuti katundu akatuluka sabwezedwa, abwana apita ku Lilongwe. Ndati mwanawe tangobwera ndi sopo uone wekha. Yankho lake? "Mwina gasi simumutha mayi, bwererani ku makala." Pamaso pa anthu, ena mpaka kuseka. Ine mayi wa msinkhu wa amake. Zikomo kwambiri abwana, ana anu mwawaphunzitsa bwino ntchito, kasitomala kea yapamwamba zedi. Ndiye silinda yanu yotulutsa gasiyo ndinabwerera nayo, ili kuseri kwa nyumba pamthunzi, ine ndikuphikiradi pa mbaula monga anandilangizira achemwaliwo.

Tsiku ndi tsiku pa wailesi akutiuza siyani makala mitengo yatha, ndipo nzoona, aliyense akuona mmene phiri la Dedza ndi nkhalango ya Chongoni zayerera, a forestry akulanda matumba m'maroadblock. Munthu wayesetsa wagula silinda, chitofu, reguleta, paipi, ndalama zosayamba, kenako inu mukumubweza ku makala ndi mwano pamwamba. Anzanga a ku Linthipe, ku Lobi, kwa Chimbiya, ndine ndekha kodi kapena nanunso anakusinthirani silinda zadzimbiri? Lembani pansipa tione.

Chimene ndikufuna nchosavuta. Silinda yanga yeniyeniyo, osati ina yofanana nayo. K33,660 ya gasi ndi K16,000 ya kabaza maulendo onse, pamodzi K49,660. Za makala ndakukhululukirani. Yanuyo mudzaitenge nokha, ine sindikwezanso bomba pa njinga ya mwana wa eni.

Sabata ino ikatha muli chete ndikalemba kalata ku MERA amene amapereka ziphaso za malonda a gasi, a Malawi Bureau of Standards abwere adzaone ngati sikelo yanu ili ndi chidindo chawo, ndipo ku CFTC, bungwe loteteza ufulu wa ogula, ndikafikako ndi lisiti. Vidiyo ya thovu lija ili mufoni, dzina la shopu yanu sindinalitchule pano koma Lolemba ndilitchula, m'magulu onse a WhatsApp a Dedza.