Kwa Tadala, za mbalame zosochera

Hull, 30 Ogasiti 2023

Wokondedwa Tadala,

Uli bwanji mwana wa mlongo wanga? Ine kuno ndili bwino. Amayi ako akuti tsopano ukuwerenga wekha, ndiye kalata iyi ndi yakoyako. Pamene pakuvuta uwafunse agogo.

Kuno ku Mangalande nyengo yotentha ikutha, ndipo ino ndi nthawi imene mbalame zachilendo zimatulukira. Ana a mbalame oswedwa chaka chino amakhala akuyamba ulendo wawo woyamba, ena n'kutaya njira. Zina zimachita kukankhidwa ndi mphepo ya panyanja mpaka kugwera m'dziko la eni. Ikangooneka imodzi, mbiri imawanda pa mafoni, ndipo anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amayenda usiku wonse kuti akaione. Palibe wonyamula legeni. Amangoiyang'ana ndi magalasi oonera patali, n'kulemba m'kabuku, basi n'kumabwerera kwawo akusekerera.

Mwezi uno imene yasokoneza anthu mitu ndi mbalame yotchedwa red-footed booby. Mapazi ake ndi ofiira psuu, mlomo wake wobiriwira motuwa. Kwawo ndi kunyanja zotentha, kutali zedi, koma yadzatera pamwamba pa nsanja ya nyale yowongolera zombo pa thanthwe la Bishop Rock, kufupi ndi zilumba za Scilly. Aka n'kachiwiri kokha kuti mtundu umenewu uoneke m'dziko lino. Yoyamba anaitola itatopa pagombe ku Sussex mu 2016. Anthu akudzaza maboti, mafunde akuwakhuthula zam'mimba, koma kubwerera ayi. Ndiye tamva izi: masiku apitawa inzake ya mtundu wina, ya nthenga zoderako, yabwera n'kudzakhala pa nsanja yomweyo! Ine kumeneko sindinapiteko, kwatalika ndipo tikiti yake si yamasewera.

Imene ndinaiona ndi maso angawa ndi albatross, ku matanthwe a Bempton, osati kutali ndi kuno. Inakhalako mu 2021 ndi mu 2022, mpaka anthu anaipatsa dzina loti Albie. Ikatambasula mapiko imapitirira mamita awiri, kuposa kutalika kwa chitseko cha nyumba ya agogo. Pamwamba pa maso ili ndi mzere wakuda, moti imaoneka ngati yakwiya pomwe ilibe mlandu ndi munthu. Tinaima m'mphepete mwa phompho, mphepo ikulasa m'makutu, aliyense ali zii ndi kapu yake ya tiyi. Kenako mayi wina anakuwa, "Iyo! Iyo!" Inadutsa m'munsi mwathu mosakupiza mapiko n'kamodzi komwe, ikungopendekera uku ndi uku, mphepo ikuinyamula. Abale ake amakhala kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, monga ku zilumba za Falkland. Mbalamezi zimauluka modalira mphepo yamphamvu, ndipo pakati pa dziko lapansi pali chigawo cha nyanja chimene mphepo imachepa, choncho ikawoloka kubwera kuno, kubwerera kumavuta. Inkatera pakati pa mbalame masauzande ambiri za mtundu wina, yokhayokha, yopanda mnzake. Ndinaimvera chisoni, ndisaname. Chaka chino sinabwere.

Koma nkhani imene ikusangalatse ndi iyi. Ukudziwa afulagombe aja amakumba mauna m'magombe a Shire? Chaka chatha abale awo asanu ndi atatu anafika ku Trimingham, m'chigawo cha Norfolk, n'kukumba mauna awo pamalo pomwe anthu amakumbapo mchenga. Kunali chimwemwe chosaneneka! Anthu ankasinthana kuwalondera usana ndi usiku kuti akuba mazira asayandikire, ndipo mu Ogasiti anapiye anatuluka n'kuuluka. Anthu masauzande anapita kukawaona. Ine ndinaseka, poti mbalame za mtundu womwewu, zapakhosi pachikasu ndi pamimba pobiriwira, zimabwera kwathuko nthawi ya dzinja, ndipo timadutsa pansi pake osakweza n'komwe mutu. Ukadzamuona fulagombe, uime kaye. Akagwira njuchi m'mwamba amabwerera pa nthambi yake, amaimenyetsa, n'kupukutira mbola pamtengo, kenako ndiye amameza. Wochenjera ameneyo.

Pamene ndikulemba pano anamzeze ayamba kundandalika pa mawaya, kukonzekera ulendo. A kuno ambiri amakathera ku South Africa. Amawoloka nyanja, amawoloka chipululu cha Sahara, akudya tizilombo ali m'mwamba momwemo, ndipo pamatha pafupifupi milungu isanu ndi umodzi. Kambalame kakang'ono choncho!

Tsopano ndikupatse ntchito. Ndatumiza kabuku ndi mapensulo amitundumitundu kudzera kwa amayi ako. Mvula ikamayandikira, cha mu Okutobala, uziyang'ana pa mawaya a magetsi popita kusukulu. Tsiku loyamba kuona anamzeze a mchira wa mphanda ndi pakhosi pofiira, ulembe deti lake. Ukaona mbalame ina yosaidziwa, uijambule, uyambe ndi mlomo ndi miyendo, kenako ukawafunse agogo dzina lake, poti iwo amazidziwa kuposa ine. Amayi ako anditumizire zithunzizo pa WhatsApp. Kumtsinje usapite wekha, ng'ona sizidziwa kuti ukufuna mbalame.

Upereke moni kwa agogo, amayi ako ndi anzako onse.

Ndine malume ako okukonda.